Ulendo wa ku Chikale pa 15 Okutobala: nanga za dzuwa titani?

Make Tamanda (Chibavi): Mwaswera bwanji nonse. Ndalama za minibasi zatsala pang'ono kukwana, ndiye ulendo wathu wa ku Chikale, gombe la ku Nkhata Bay, pa Tsiku la Anakubala ulipo ndithu. Koma pali nkhani ikundisowetsa mtendere, ndati ndiitule pano tsiku lisanafike. Chaka chatha tinafika kunyanja cha m'ma 10 koloko, ana n'kulowa m'madzi nthawi yomweyo, kudzatuluka 3 koloko itakwana. Usiku umenewo Tamanda wanga sanagone. Mapewa anali moto, ngakhale chofunda sankafuna kuti chimukhudze, anagona chafufumimba mpaka kucha. Patatha masiku anayi khungu la pamapewa ndi pamphuno linayamba kusupuka ngati la mbatata yophika. Ine ndinkati mwina ndi madzi a m'nyanja, koma kuchipatala anandiuza kuti ndi dzuwa. Chaka chino tikutenga ana ambiri kuposa chaka chatha. Titani?

Bambo Phiri (Katoto): Pepani mayi ndi za mwana. Koma ine ndakulira m'munda wa fodya ku Kasungu, kulima malaya titavula kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kupendeka. Sindinamvepo kuti dzuwa lawotcha munthu wakuda. Ndimayesa ndi za azungu aja timawaona ku Nkhata Bay atafiira psuu. Ndikufunsa kuti ndidziwe, osati kutsutsa.

NyaMhango (namwino): Yewo adada Phiri, funso lanu ndi la anthu ambiri, ndipo penapake mwalondola. Khungu lathu lili ndi melanin wambiri, amene amalipatsa mtundu wakudawu, ndipo amatchingako cheza cha dzuwa. N'chifukwa chake mzungu amafiira msanga pomwe ife zimatitengera nthawi. Koma amatchingako chabe, satchinga chonse. Ife tikapsa sitifiira kuti anthu aone. Timangomva kutentha, kuyabwa, khungu kuuma gwa, kenako kusupuka monga anachitira Tamanda.

Chimene chimawononga khungu si kutentha kumene timamva kuja ayi. Ndi cheza chosaoneka ndi maso chotchedwa UV. Chimatipeza cha mitundu iwiri: UVB imawotcha pamwamba, UVA imalowa mkati, n'kumakalambitsa khungu ndi kudetsa zipsera. Zikaunjikana kwa zaka zimatha kuyambitsa khansa ya pakhungu. Kwa ife akuda khansa yochokera ku dzuwa siichitika kawirikawiri, sindikufuna kuopseza munthu. Koma pagulu pano si tonse tili ndi khungu lofanana.

Achisale (mphunzitsi, Luwinga): Ndiwonjezereko pa zomwe anena amamawa. Ife a ku Mzuzu kuno chimatinamiza ndi kuzizira. Munthu umatuluka m'nyumba utavala juzi, kunja kuli nkhungu, mvula yowaza, ndiye umati dzuwa lero kulibe. Mzinda wathu uno uli pamtunda, pafupifupi mamita 1,250 kuchokera pomwe pamayambira madzi a nyanja zikuluzikulu. Ukamakwera mpweya umapepuka, ndipo pa mamita 1,000 alionse cheza cha UV chimawonjezeka ndi pafupifupi magawo 10 pa 100. Ndiye ku Chikangawa kapena ku Nyika, komwe mano amachita kugwedezeka ndi chisanu, cheza chimakhala champhamvu kuposa kuno. Mitambo yopyapyala nayo siteteza kwenikweni, chambiri chimadutsa.

Chinanso, tsiku lathuli lagwera pa nthawi yovuta. Kuno dzuwa limadutsa paliwombo penipeni kawiri pa chaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale. Ndimawatulutsa ana anga a sukulu masana kuti aime pabwalo, aone chithunzithunzi chawo chitabisala pansi pa mapazi. Lamulo lake ndi lomwelo: chithunzithunzi chikafupika kuposa msinkhu wako, pita pamthunzi. Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo ndiye nthawi yoopsa.

Make Tamanda: Eee, ndiye kuti chaka chatha anawo tinawasiya m'madzi nthawi yoipayo yonse yathunthu.

Achisale: Ndi momwemo mayi. Komanso kunyanja mchenga ndi madzi zimabweza cheza, chimakumenya chochokera kumwamba ndi pansi pomwe. Mwana ali m'madzi samva kutentha, amadzamva usiku.

Make Dalitso (Mchengautuwa): Ndakhala ndikuwerenga osayankha. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti Dalitso wanga ndi wachialubino. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndipo nyanja sanaionepo, chonsecho kuchoka pano kufika ku Nkhata Bay ndi makilomita osakwana 50. Chaka chatha anzake akukwera minibasi iye anaima pawindo kuwayang'ana, osalira, osayankhula. Madzulo ake anandifunsa kuti, amayi, kodi nyanja imamveka bwanji? Chaka chino wayamba kale kuwerenga masiku pa kalendala ya kutchalitchi. Ndalama yake ndapereka, koma mtima wanga ukukana. Tsiku lina anaiwala chipewa popita kusukulu, pobwera makutu ndi kumbuyo kwa khosi zinali matuza okhaokha. Ndiye kunyanja tsiku lonse? Komanso pa tsikuli kumakhala chinamtindi cha anthu osawadziwa, ndipo mukudziwa zomwe ana athuwa akumana nazo m'dziko muno. Ndithandizeni maganizo, ndimuuze chiyani.

Bambo a Chimwemwe (Zolozolo): Mlongo wanga, ndiyankhe ine chifukwa khungu la Dalitso ndi langa. Ndili ndi zaka 41. Ndinakulira kumudzi ndikuweta mbuzi, chipewa ndinalibe, mafuta oteteza kudzuwa ndinadzawamva ndili kale ndi ndevu. Lero mukandiona pafupi, pamikono ndi pakhosi pali timadontho takuda ndi malo okhakhala ngati msasa. Pakhutu lakumanzere panali kachilonda komwe kankauma, kenako n'kuyambanso, miyezi ingapo. Ndinkangopakapo mankhwala a zilonda. Mwamwayi ndinapita kwa adokotala a khungu, anakadula kasanakule. Anzanga ena amene ndinkawadziwa anachedwa, lero kulibe. Khansa ya pakhungu yatitha ife achialubino mwakachetechete, ndipo siimveka pawailesi ngati nkhani zina zija.

Koma mwanayo musamutsekere m'nyumba. Ine ndinakula ndikuuzidwa kuti sungathe ichi, sungapite uko, ndipo bala limenelo limachedwa kupola kuposa la pakhutu. Kunyanja ndimapita, ndipo ndimasamba. Ndimalowa m'madzi m'mawa kwambiri kapena dzuwa likapendeka, nditavala malaya a manja aatali ndi buluku lopepuka. Chipewa chikhale chotambalala kuzungulira mutu wonse, chophimba makutu ndi khosi. Kapu imangoteteza chipumi, makutu amapsa. Magalasi akuda akhalepo chifukwa maso athu salimbana ndi kuwala. Mafuta ake oteteza kudzuwa akhale a SPF 50 kapena kuposa (SPF ndi nambala ya pabotolo yosonyeza mphamvu yawo yoteteza), ndipo adzole malo onse omwe nsalu sinafike: nkhope, milomo, makutu kutsogolo ndi kumbuyo, khosi, kuseri kwa manja, pamwamba pa mapazi. Mafutawa kwa ife si zodzikongoletsera, ndi mankhwala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo 134,636 m'Malawi muno, ndiye musadzione ngati muli nokha. Ngati simunalumikizane ndi a APAM, bungwe lathu la anthu achialubino, chitani zimenezo. Ndipo ngati gulu lingandilole, ndipita nawo pa 15, ndidzakhala pafupi ndi Dalitso tsiku lonse.

Make Dalitso: Achimwene, ndawerenga kawiri. Zikomo. Mafuta timalandira kuchipatala kwaulere, koma ulendo wathawu pachipatala china chaching'ono anandiuza kuti atha, ndibwerenso. Katsala kabotolo kamodzi, ndiye ndimamudzoza pang'onopang'ono kuti kafike patali.

NyaMhango: Amama, apo ndiye ndikupempheni. Kudzoza pang'ono kumachepetsa chitetezo kwambiri, nambala yalembedwa pabotoloyo imagwira ntchito pokhapokha mwapaka okwanira. Munthu wamkulu nkhope ndi khosi zimafuna pafupifupi sipuni yaing'ono ya tiyi yodzaza. Ena amayeza pofinyira mafuta m'litali mwa zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati. Ndi bwino kuphimba thupi lonse ndi nsalu, mafuta ochepawo n'kupaka mokwanira pamalo otsala, kusiyana n'kumwaza thupi lonse mopyapyala. Mudzoze mphindi 20 asanatuluke panja, mubwereze pakatha maola awiri alionse, komanso akangotuluka m'madzi kapena akatuluka thukuta kwambiri. Ngakhale botolo litalembedwa kuti sachoka ndi madzi, thaulo limachotsa. Kabotoloko musakasiye padzuwa kapena pawindo la minibasi, kutentha kumawononga mafuta. Muonenso deti lothera mphamvu. Ndipo akakuuzani kuti atha pachipatala chaching'ono, kafunseni ku chipatala chachikulu, mupempheko kuti amuone khungu lonse. Mwana wachialubino aziyezedwa khungu kawirikawiri ngakhale asakudwala.

Bambo Phiri: Ndamva, ndipo ndaphunzira. Bambo a Chimwemwe, mpando wanu m'minibasi ndilipira ine. Ndili ndi lona lalikulu lomwe timayanikira chimanga, ndi mapaipi anayi. Tikafika timange chisakasa chathu, tisadalire mitengo ya pagombe chifukwa pa tsikuli mthunzi umalimbiranidwa.

Alinafe (Mzuni): Funso langa ndi la ife atsikana. Ine ndimadzola Vaseline wosakaniza ndi glycerine tsiku lililonse, khungu limawala bwinobwino. Kodi zimenezi siziteteza? Nanga manambala a SPF aja amatanthauza chiyani, 50 ndiye kuti amaposa 30 kawiri?

NyaMhango: Mwana wanga, Vaseline wamba ndi glycerine zimasunga chinyezi kuti khungu lisaume, basi. Cheza chimadutsa. Mafuta ophikira kapena a kokonati chimodzimodzi. Za manambala: SPF 15 amatchinga pafupifupi magawo 93 pa 100 a UVB, SPF 30 pafupifupi 97, SPF 50 pafupifupi 98. Ndiye 30 ndi 50 sizisiyana kwambiri, kwa iwe 30 akukwanira. Dalitso ndiye amafunika 50 chifukwa khungu lake lilibe chodzitetezera, kachigawo kalikonse n'kofunika. Pogula uyang'ane mawu oti broad spectrum, ndiye kuti akutchinga UVA ndi UVB. Ena okhala ndi zinc oxide amasiya nkhope yotuwa ngati wadzola phulusa, ambiri amawasiyira pomwepo, koma amateteza bwino ndipo sayabwa kawirikawiri.

Nabanda (wa kaunjika): Tinene zoona amayi, mafuta amenewo m'mafamase ndi odula. Ine ana anayi, ndingagule botolo la aliyense? Ndiwo ndigula ndi chiyani? Chomwe ndingathe ndi ichi: m'belo lomwe ndatsegula sabata ino muli malaya a ana a manja aatali ambiri ndithu. Amene akupita kunyanja abwere adzasankhe, ndiwachotsera mtengo. La Dalitso ndi laulere, ndamusungira kale la buluu lokhala ndi kolala.

Achisale: Anabanda mwagunda pomwe. Nsalu ndi mthunzi ndiye zoyamba, mafuta amangotseka mipata. Posankha malaya muwakweze kudzuwa, muyang'anire mkati. Ngati kuwala kukudutsa mpaka kuona zala zanu, chezanso chidutsa. Nsalu yolukidwa mothithikana ndi yamtundu wakuda kapena wowala kwambiri imateteza kuposa yoyera yopyapyala, ndipo tisheti yoyera ikanyowa ndiye imachepa mphamvu zedi. Chitenje chabwino chaposa tisheti zambiri. Zipewa za mlaza zija amavala alimi nazo n'zabwino zikakhala zolukidwa mothina, zikakhala ndi mipata musokerere kansalu mkati.

Adimini: Pali mayi wina wanditumizira kumbali, sakufuna dzina lake lioneke. Ndikuika momwe walembera.

"Ndakhala ndikudzola mafuta oyeretsa khungu zaka zitatu. Poyamba ndinkayera bwino, anthu n'kumandiyamikira. Pano masaya ada bii ngati ndapsa ndi moto, timitsempha tikuoneka, ndikangoyenda padzuwa kuchoka kumsika kufika kudepoti nkhope imawotcha ngati ndapaka tsabola. Ndikasiya masiku atatu ziphuphu zimabuka. Mnzanga anati ndizipaka mandimu. Ndili ndi manyazi kupita kuchipatala. Kunyanja ndikufuna kupita koma ndikuopa."

NyaMhango: Mayi amene mwalemba, zikomo polimba mtima, ndipo simuli nokha, timawaona ambiri. Mafuta ambiri oyeretsa amakhala ndi hydroquinone, ena mankhwala amphamvu a steroid, ena mpaka mercury. Steroid amapyapyalitsa khungu, n'chifukwa chake mitsempha ikuoneka, ndipo mukasiya mwadzidzidzi khungu limalusa. Hydroquinone akadzoledwa nthawi yaitali, makamaka munthu akumayenda padzuwa, amatha kudetsa masaya m'malo moyeretsa, ndipo kuda kwake kumavuta kuchotsa. Mandimu musayerekeze. Madzi a mandimu akakhala pakhungu n'kuombedwa ndi dzuwa amawotcha, amasiya matuza ndi zipsera zakuda. Pitani kuchipatala mutanyamula botolo kapena chubu chomwe mumadzolacho kuti aone zomwe zili mkati, akuuzeni kasiyidwe kake. Kunyanja bwerani, mukhale nafe pansi pa lona la adada Phiri, chipewa kumutu, mafuta a SPF 50 kumaso. Palibe adzakufunseni kanthu.

Make Tamanda: Bwerani ndithu mayi. Tonse tili ndi zathu.

Yohane wa kabaza: Mabwana ndi madona, ine kunyanja sindipita, tsiku limenelo ndiye la ndalama. Koma nkhaniyi yandikhudza. Ndimapalasa kuyambira 6 koloko, Chiputula, Katawa, Luwinga, kubwerera m'tauni, mpaka mdima. Mikono yanga ili mitundu iwiri, pomwe pamathera tisheti pali mzere ngati wojambula. Milomo imang'ambika nthawi ino mpaka magazi. Koma chikundidetsa nkhawa ndi diso lakumanja. Mwamera kanyama kofiirira kuchokera mbali ya kumphuno, kakuyenda pang'onopang'ono kulowera pakati. Kamanyerenyetsa ngati mwalowa mchenga. Ndi dzuwa lomweli?

NyaMhango: Achimwene, popanda kukuonani sindinganene motsimikiza, koma momwe mwafotokozeramo zikufanana ndi chomwe timachitcha pterygium. Chimakonda anthu ogwira ntchito panja, asodzi, alimi, inu a kabaza, chifukwa cha dzuwa, fumbi ndi mphepo. Kakafika pakati pa diso kamatchinga kuona, koma madokotala a maso amatha kukachotsa. Palinso zomera zina za m'diso zoopsa kuposa pamenepa zomwe poyamba zimaoneka chimodzimodzi, ndiye musazengereze, pitani ku Mzuzu Central akakuoneni a maso. Musathiremo mankhwala ogula pamsika kapena azitsamba. Mupeze magalasi olembedwa UV400. Magalasi ongoda opanda chitetezo amatha kuipitsa zinthu, chifukwa mumdima wakewo diso limatseguka kwambiri, cheza n'kumalowa chambiri. Dzuwa limathandiziranso ng'ala anthu akamakula. Ndipo kagwireni malaya a manja aatali kwa Anabanda.

Yohane wa kabaza: Ndamva amayi. Lachiwiri m'mawa ndipita ndisanayambe ntchito.

Anaphiri (Masasa): Nane ndifunseko za apongozi anga, abwera kuchokera kumudzi mwezi watha. Khungu lawo lada ndi kukhakhala kuseri kwa manja, pamapazi, ndi kuzungulira khosi ngati avala mkanda. Malo obisika ndi zovala ali bwinobwino. Akumatsegulanso m'mimba, ndipo masiku ena amayankhula zosagwirizana. Achibale ena ayamba kale kunena zoti awalodza. Ine ndimati ndi kupsa ndi dzuwa la kumunda.

NyaMhango: Anaphiri, chonde mawa lomwe apite kuchipatala. Zitatu mwatchulazo, khungu lothetheka pomwe pamaomba dzuwa, kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu, zikakumana pamodzi timaganizira pellagra. Ndi matenda obwera thupi likasowa vitamini B3, ndipo amapezeka kumene anthu akudalira nsima ndiwo zili zochepa. Mowa wambiri umawonjezera, komanso mankhwala ena monga isoniazid wa TB. Dzuwa limangoonetsa poyera vuto lomwe lili mkati. Amachizika bwino ndi mapiritsi, koma akalekereredwa amapha. Kunyumba muziwapatsa mtedza, nsinjiro m'ndiwo, nyemba, usipa, nyama ikapezeka. Ngati pali mankhwala omwe akumwa, anyamule akaonetse, asasiye okha.

Pomwe tili pa mankhwala pomwepa: Bactrim, doxycycline, ndi HCTZ wa BP zimapangitsa anthu ena kupsa msanga ndi dzuwa. Amene mukumwa zimenezi pitirizani monga anakuuzani adokotala, koma pa 15 mthunzi ukhale wanu.

Make Wongani (Ching'ambo): Wanga ali ndi miyezi inayi. Ndimudzoze nayenso?

NyaMhango: Ayi amama, wosakwana miyezi isanu ndi umodzi asakhale padzuwa n'komwe, mafuta si njira yake. Mthunzi, kachipewa, zovala zopepuka zophimba, ndi kuyamwitsa pafupipafupi. Mukamubereka kumbuyo muone kamutu ndi timiyendo, ndi zomwe zimatsalira kunja kwa chitenje. Ambulera imathandiza, koma musamufunditse chinsalu cholemera kumutu, angabanike ndi kutentha.

Make Tamanda: Nanga wina akapsabe ngati chaka chatha, tichite chiyani pofika kunyumba? Ine ndinamupaka mankhwala otsukira mano, wina anandiuza kuti amaziziritsa, koma mwana anangolira kwambiri.

NyaMhango: Amenewo ayi, ngakhale mazira kapena mafuta ophikira. Musambitseni madzi ozizira bwino, kapena muike nsalu yonyowa pamalopo. Amwe madzi ambiri, Panado ngati akumva ululu. Khungu likazizira mutha kupaka mafuta ofewetsa opanda perefyumu. Matuza osaboola, khungu losupuka osalikoka. Koma matuza akachuluka, kapena mwana akutentha thupi, akusanza, akuchita chizungulire, thamangani naye kuchipatala. Kutentha thupi mutabwera kunyanja kukhozanso kukhala malungo, akamuyeze.

Bambo a Chimwemwe: Pempho langa kwa akomiti ndi lakuti tisinthe nthawi yonyamuka. Tikachoka 8 koloko ngati chaka chatha tikafika dzuwa litakwera kale, ndiye Dalitso adzangoonera anzake ali pansi pa lona. Tikanyamuka 5:30, pofika 7 koloko tili pamchenga. Ana onse asambe mpaka cha m'ma 9:30, kenako tonse pamthunzi, tidye, tiimbe, amayi alandire mphatso zawo. Cha m'ma 4 koloko alowenso pang'ono tisanabwerere. Lisakhale lamulo la Dalitso yekha, angadzione wosalidwa. Likhale la ana onse.

Alinafe: Maola asanu ndi limodzi ana ali pamthunzi nyanja akuiona? Adzatithawa amenewo. Ndibweretsa bawo, makhadi ndi ludo, ndipo anzanga awiri a kwaya avomera kudzawaphunzitsa nyimbo. Amene wavala malaya ndi chipewa atha kumakaviika mapazi pang'ono n'kubwerera.

Bambo Phiri: 5:30 ndi m'mawa zedi kwa a ku Luwinga, koma ndayankhula ndi adalaivala, akuti ayambira komweko 5 koloko, kenako Chibavi, Mchengautuwa, n'kudzathera pa Katoto. Zigubu za madzi akumwa ndabwereka zitatu za malita 20.

Make Dalitso: Ndamuuza tsopano. Wathamanga kukatenga chipewa chake, akuti ndimusokerere chingwe cha pachibwano kuti mphepo ya kunyanja isachiulutse. Anabanda, tibwera Loweruka kudzayesa malaya aja. Achimwene a ku Zolozolo, akufunsa ngati mumatha kusambira, akuti mudzamuphunzitse.

Bambo a Chimwemwe: Muuzeni ndimatha, ndipo tidzayambira pamadzi ofika m'mawondo. Mafuta ndili ndi botolo losatsegula, ndidzanyamula la tonse awiri.

Adimini: Amene simunamalize ndalama ya minibasi, tsiku lomaliza ndi Lachisanu. Mwana aliyense abwere ndi chipewa, malaya a manja aatali osambira nawo, ena ouma osinthira, ndi botolo lake la madzi. Amene alibe chipewa alembe dzina pansipa, Make Wongani akuti kwawo kuli agogo ena oluka za mlaza, tiwaitanitse zonse pamodzi Lolemba.